Mwana Wopulupudza m'Nthano ndi m'Mabuku a Dziko Lino

Munthu akaima m'mbali mwa njira ku Ching'ambo, mu mzinda wa Mzuzu, m'maŵa wa tsiku la dzinja, amaona chigulu cha ana chikupita kusukulu. Ena amayenda mofulumira, makope ali m'jumbo kuopa mvula. Ena amayenda aŵiriaŵiri akufunsana za masamu amene aphunzitsi anaŵapatsa dzulo. Koma kumbuyo kwa onse sikulephera kupezeka mmodzi amene sakufulumira konse. Ameneyo waima pa chithaphwi kuyesa kuya kwake ndi mwendo, legeni ili m'thumba, ndipo m'mutu akukonzeratu bodza loti akanene akafika belu litalira kale. Aphunzitsi amamdziŵa, makolo amamdandaula, koma anzake akaŵeruka amakamba za iye mpaka dzuŵa kuloŵa. Mwana wotereyu ali m'sukulu iliyonse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Ena amamutcha wopulupudza, ena wamphulupulu, ena wofuntha.

Funso la nkhani ya lero, omvera, ndi lakuti: mwana ameneyu akatsekula buku lolembedwa m'dziko lino, kodi amadzipezamo? Ndipo akapezekamo, olemba amamchita chiyani? Funsoli lingaoneke ngati lachibwana, koma yankho lake limadutsa m'mbiri ya mishoni, ya sukulu ndi ya boma. Likukhudzanso dandaulo limene aphunzitsi ndi makolo ambiri ali nalo, lakuti ana sakonda kuŵerenga.

Sukulu zisanabwere, ana ankaphunzira pamoto madzulo. Acheŵa ankati nthano, Atumbuka ankati vidokoni, koma kakambidwe kake kadali kamodzi: gogo ayamba, ana avomera, ndipo pakati pa nkhani pamakhala nyimbo. M'nthano zimenezi mudali ana osamvera a mitundu iŵiri. Woyamba ndi wonga Kamdothi. Mai wina wosoŵa mwana adaumba mwana wadothi, namupatsa lamulo limodzi lokha, lakuti mitambo ikada azithamangira kunyumba. Masiku ambiri mwanayo adamvera, koma tsiku lina maseŵera adamkomera, adapita kutali, mvula idampeza panjira ndipo adasungunuka. Ana akamva nthano imeneyi ankakagona ali chete. Phunziro lake ndi lomwe lija la mwambi wakuti chosamva adachiphikira m'masamba.

Wachiŵiri ndi Kalulu. Iyeyu ndi nyama, koma mwana aliyense womvera nthano ankadziŵa kuti Kalulu ndi mnzake, chifukwa ngwamng'ono pakati pa akuluakulu amphamvu. Nthaŵi ya chilala nyama zonse zidapangana zokumba chitsime. Kalulu adakana kukumba nawo, koma madzi atatuluka ankabwera mozemba kudzatunga ndi kusambamo. Alonda amphamvu adaŵapusitsa mmodzimmodzi, kuŵalaŵitsa uchi ndi kuŵamanga, mpaka adagwidwa ndi Kamba amene aliyense ankamderera. Komabe m'makambidwe ambiri a nthanoyi, ngakhale atagwidwa ndi kuŵeruzidwa, Kalulu amapulumuka. Makolo akale sadamuphe Kalulu, chifukwa akadamupha sipakadakhala nthano ya maŵa lake. Iwo ankadziŵa kuti mwana ayenera kuopsedwa nthaŵi zina, komanso ayenera kuseka, ndi kuona kuti nzeru za wamng'ono zitha kugonjetsa mphamvu za Njobvu ndi Mkango. Motero Kamdothi ndi Kalulu ankakhala pamoto umodzi, wina osachotsa mnzake.

Zinthu zidasintha pamene sukulu zidafika. Amishoni a Livingstonia adayamba ntchito ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo a Dutch Reformed adafika ku Mvera mu 1889. Chaka chomwecho cha 1889 idatsekulidwa mishoni ya Ekwendeni, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pamene lero pali Mzuzu, ndipo mu 1894 Dr. Robert Laws adayamba sukulu yaikulu pa phiri la Khondowe. Sukulu idabwera ndi belu, kaundula wa maina, bolodi ndi ndodo, ndipo pamodzi ndi zimenezi padabwera milandu yatsopano imene mudzi sudaidziŵe: kuchedwa, kujomba, kulongolola m'kalasi, kuonera mayeso. Mwana amene kubusa ankatamandidwa chifukwa chodziŵa kutchera misampha, m'kalasi adasanduka wovuta chifukwa cholephera kukhala phee pa benchi. Makina osindikizira mabuku nawo adali m'manja mwa amishoni. Pepala lidali lodula ndipo oŵerenga adali ochepa, choncho buku lililonse lidayenera kukhala ndi ntchito yooneka, yophunzitsa kuŵerenga kapena yophunzitsa chikhulupiriro.

Mmodzi mwa milandu yatsopanoyi udasiya chizindikiro m'mbiri ya dziko lino. M'chaka cha 1915 ku Kasungu kudachitika mayeso a anyamata ofuna kupitiriza maphunziro a uphunzitsi. Woyang'anira mayesowo adali mmishonale wa Livingstonia, Thomas Cullen Young, amene adafika m'dziko muno mu 1904 ndipo pambuyo pake adalemba mabuku onena za chilankhulo ndi mbiri ya Atumbuka. Pakati pa olemba mayeso padali mnyamata wa sukulu ya Chilanga, wamfupi msinkhu, amene adakhala kumbuyo. Olemba mbiri ya moyo wake amasimba kuti mnyamatayo adaimirira kuti aone bwino mafunso pa bolodi, popeza wokhala patsogolo pake adamtchinga. Young adaganiza kuti akuonera pepala la mnzake, ndipo adamtulutsa m'mayesomo nthaŵi yomweyo.

Mnyamatayo adali Hastings Kamuzu Banda. Pasanapite nthaŵi yaitali adanyamuka wapansi kupita ku Southern Rhodesia, kumene adagwira ntchito pa chipatala cha ku Hartley, kenaka ku South Africa, ndipo mu 1925 adaoloka nyanja kupita ku America kumene adaphunzira udokotala. Nkhani imeneyi ili ndi zonse zimene wolemba nkhani za ana a sukulu angafune: mwana wamng'ono, mphunzitsi waukali, chigamulo chachangu ndi ulendo wautali. Ikuonetsanso chinthu chimodzi chimene mabuku ambiri otsatira sadafune kuvomera, chakuti wamkulu atha kulakwa poŵeruza mwana.

Mwana wopulupudza adaloŵa m'mabuku a chilankhulo chino patapita zaka 18. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma wobadwa mu 1905, adalemba buku lotchedwa Nthondo ndi kulitumiza ku mpikisano wa bungwe la ku London la International Institute of African Languages and Cultures. Bukulo lidapata mphoto ndipo lidasindikizidwa mu 1933. Nkhani yake imatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kufa. Nthondo adakula ali mwana wosamva za akulu ndiponso wakuba, wosautsa abale ake ndi mudzi wonse. Atasinkhuka adapita kukagwira ntchito ku maiko a kumwera monga ankachitira anyamata ambiri a nthaŵiyo, adabwerera kwawo, adaloŵa ufumu, ndipo pomalizira pake adatembenuka mtima nakhala Mkhristu.

Nthara adali mphunzitsi wodziŵa ana, ndipo masamba onena za ubwana wa Nthondo ndi amoyo kwambiri. Oŵerenga amamuona mnyamatayo monga momwe amaonera mwana wa pakhomo loyandikana nalo. Koma cholinga cha bukulo sichidali choti oŵerenga akondwere ndi mphulupulu zakezo. Ubwana woipawo udaikidwa poyamba kuti kutembenuka kwa kumapeto kuoneke kukula kwake. Apa mpamene padakhazikika njira imene olemba ambiri adaitsata pambuyo pake: mwana wosamvera aloledwa kuloŵa m'buku, koma asatulukemo momwe adaloŵera. Ayenera kulapa, apo ayi aone tsoka. Kamdothi adapeza malo pa pepala, Kalulu adatsalira pamoto.

Chodabwitsa nchakuti amene adamasulira Nthondo m'Chingerezi adali Cullen Young yemwe uja. Adalitcha Man of Africa, ndipo lidatuluka ku London mu 1934, mau oyamba atalemba katswiri wa sayansi Julian Huxley. Patapita zaka zingapo Young adakumananso ndi mnyamata uja adamtulutsa m'mayeso, tsopano ali dokotala ku Britain. Aŵiriwo adagwirira limodzi ntchito yomasulira ndi kukonza zolemba za anthu atatu a ku Nyasaland, zimene zidatuluka mu 1946 m'buku lotchedwa Our African Way of Life. Mphunzitsi ndi mwana wopirikitsidwa uja maina awo adalembedwa pa chikuto chimodzi.

Kumaiko a Azungu nako mwana wopulupudza adayamba ndi kulangidwa koopsa. Ku Germany, mu 1865, Wilhelm Busch adalemba za Max ndi Moritz, anyamata aŵiri amene mwa zina adathira onga m'kaliwo wa mphunzitsi, ndipo mapeto awo adali kugayidwa m'chigayo ngati chimanga. Ku Italy, mu 1883, Carlo Collodi adatulutsa buku la Pinocchio, kamnyamata kosema pa mtengo kamene kadathaŵa sukulu nkusanduka bulu. Ku England, buku la Thomas Hughes la 1857, Tom Brown's School Days, lidakamba za moyo wa sukulu yogonera komweko ya Rugby, ndipo lidasiyanitsa mnyamata wopulupudza koma wamtima wabwino, Tom, ndi mnyamata wankhanza wozunza ang'onoang'ono, Flashman, amene pomalizira adachotsedwa sukulu.

Kusintha kwenikweni kudadza ndi Mark Twain wa ku America mu 1876. Tom Sawyer wa m'buku lake amajomba kusukulu kukasambira, ndipo azakhali ake atampatsa chilango chopaka njereza pa mpanda tsiku Loŵeruka, iye amanamizira kuti ntchitoyo njokoma zedi mpaka anzake amamlipira kuti aŵalole kupaka nawo. Aliyense wokulira pa nthano za kuno akamva zimenezi azindikira kuti ameneyu ndi Kalulu wovala kabudula. Mu 1922 mphunzitsi wamkazi wa ku England, Richmal Crompton, adayamba mabuku a William Brown, mnyamata amene adakhalabe wa zaka 11 m'mabuku opitirira 30, osakula ndiponso osalapa. Osindikiza mabuku adazindikira kuti ana amaŵerenga mabuku otere popanda woŵakakamiza.

Mu Africa muno zimenezi zidaoneka maiko atayamba kulandira ufulu. Mu 1966 Chinua Achebe wa ku Nigeria adalemba Chike and the River, nkhani ya mnyamata wa sukulu wa ku Onitsha amene adaoloka mtsinje wa Niger osatsanzika kwawo, nakathandiza kuulula mbala. Koma mfumu ya ana opulupudza m'mabuku a Africa ndi Moses, wolembedwa ndi Barbara Kimenye wa ku Uganda kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Moses, atachotsedwa m'sukulu zingapo, adatumizidwa ku sukulu yogonera komweko ya dzina lalitali lodzitukumula, Mukibi's Educational Institute for the Sons of African Gentlemen, kumene nyumba zidali zothaitha ndipo chakudya chidali chosakhutitsa. Iye ndi mnzake wotchedwa King Kong amazemba usiku, amakola aphunzitsi m'misampha yawo yomwe, ndipo m'buku lina Moses amaŵeta njoka. Mai Kimenye sadabise kuti akuluakulu oyendetsa sukuluyo nawo adali ndi zolakwa zawo. Ana a ku East Africa adaŵerenga mabukuŵa mpaka zikuto kung'ambika.

Nanga ku Malaŵi kuno? Ufulu utabwera mu 1964 padatuluka mabuku abwino a ana a sukulu. Mu 1965 John W. Gwengwe adatulutsa Kukula ndi Mwambo, lolongosola makhalidwe oyenera mwana wa pamudzi, ndi Sikusinja ndi Gwenembe, nkhani ya mnyamata amene adapha mbale wake chifukwa cha nsanje, mbalame nkumuulula. Ameneŵa ndi mabuku okoma amene mibadwo ya ana idakulira, koma kulakwa kopezeka m'menemo nkwakukulu, kwa magazi, kosiyana kutalitali ndi kwa mnyamata wobisa choko cha aphunzitsi. M'mabuku a Chingerezi a pulaimale mudali mnyamata ndi mtsikana odziŵika m'dziko lonse, Timve ndi Tsala. Dzina lenilenilo la Timve likunena za kumva.

Nthaŵi imeneyo dziko lidamangidwa pa ngodya zinai zimene mwana wa sukulu aliyense ankaziloŵeza pamtima: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Amene ankazilalikira adali mnyamata wa ku Chilanga uja, tsopano ali Pulezidenti woyamba wa Malaŵi. Mu 1968 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loyang'anira mabuku, mafilimu ndi maseŵero, ndipo bungwe lounika lidapatsidwa mphamvu zoletsa chilichonse chimene lidachiona chosayenera. Wolemba aliyense ankadziŵa kuti nkhani yoseka mphunzitsi wamkulu itha kumveka ngati ikuseka wamkulu wina woposa ameneyo. Padalinso chifukwa cha malonda. Makampani osindikiza monga Popular Publications ya ku Limbe ndi Dzuka ankadalira kwambiri msika wa sukulu, ndipo buku losankhidwa kuti liziphunzitsidwa ndi limene linkagulidwa lambiri. Wosankha mabuku a sukulu sakadathamangira buku limene ngwazi yake ndi mwana wojomba.

Ndi chifukwa chake ngakhale mitu ya mabuku otchuka a m'zaka za m'ma 1980 ili ndi liwu la chenjezo: Madzi Akatayika la Willie Zingani, Ikakuona Litsiro Sikata ndi Mtima Sukhuta a Jolly Max Ntaba. Mabukuŵa adaŵerengedwa kwambiri ndipo adakweza chilankhulo, koma oŵerenga asanatsekule tsamba loyamba mwambi wa pachikuto udali utaŵauza kale kuti wolakwa adzalira. Mu 1981 Dr. Banda adatsekula Kamuzu Academy ku Mtunthama, sukulu yomangidwa potsanzira sukulu zakale za ku England, za mtundu womwe uja udabala Tom Brown. Nyumba, mikanjo ndi Chilatini zidaoloka nyanja, koma mwambo wolemba nkhani zoseketsa za m'sukulu zotero sudamere m'chilankhulo chino.

Mwana wa chigawo cha kumpoto adali ndi vuto lina loonjezera. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1968 udagamula kuti Chicheŵa chikhale chilankhulo cha fuko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Mwana wa ku Mzuzu, wa ku Rumphi kapena wa ku Mzimba ankachita nthabwala zake m'Chitumbuka, koma chilankhulo chimenecho chidatsala pakhomo pa kalasi. Buku lotchuka kwambiri lonena za mwana wa sukulu wa kumpoto lidali la Chingerezi, I Will Try la Legson Kayira, lotuluka mu 1965. Kayira adaphunzira ku Livingstonia, ndipo mu 1958 adanyamuka wapansi kufuna maphunziro ku America, nayenda mpaka ku Khartoum m'dziko la Sudan. Aphunzitsi ankalikonda bukuli chifukwa cha khama la mwiniwake. Komatu mnyamata wonyamuka ulendo wotere wopanda ndalama kapena chiphaso, akadakhala wa pakhomo pa wina aliyense, akadatchedwa wosamva za anthu.

Mzuzu weniweniyo ndi mzinda wa posachedwa. Udayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pozungulira munda wa mitengo ya tung, udalandira ulemu wa mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 adapezamo anthu opitirira 220,000. Malo ngati Ching'ambo adadzaza ndi mabanja ochokera m'maboma osiyanasiyana, ndipo ana ake amasakaniza Chitumbuka, Chicheŵa, Chitonga ndi Chingerezi pa bwalo limodzi la mpira. Ameneŵa si ana a kubusa ngati Nthondo, komanso si ana a sukulu yogonera komweko ngati Moses. Mphulupulu zawo zimachitikira pamsika, pa depoti ya basi, m'ngalande za madzi a mvula ndi kuseri kwa kalasi.

Chaka cha 1994 chidabweretsa zosintha zambiri. Chitumbuka chidabwerera pa wailesi. Malamulo aakulu a dziko adaletsa chilango chokwapula m'mabwalo a milandu ndi m'nthambi za boma, ndipo ndodo ya m'kalasi idayamba kutaya mphamvu imene idali nayo. Maphunziro a pulaimale atakhala aulere, chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Mphunzitsi mmodzi adapezeka ataima patsogolo pa ana oposa zana, ena pansi pa mtengo. Mantha a olemba adachepa, koma ndalama zosindikizira mabuku a nkhani zidasoŵa, ndipo mabuku ambiri a ana amene adatuluka adali olipiridwa ndi mabungwe okhala ndi uthenga woti afalitse, wa matenda a Edzi, wa maukwati a ana kapena wa kusamala mitengo. Mauthengaŵa ngofunika, koma mwana wa m'mabuku otere adakhalabe chitsanzo cha chabwino kapena cha choipa, monga zidalili m'nthaŵi ya amishoni.

Mnyamata wophwanya malamulo amene oŵerenga adaloledwa kumkonda adatulukiranso ku Kasungu. William Kamkwamba wa ku Wimbe adasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosoŵa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. M'buku lake la 2009, The Boy Who Harnessed the Wind, limene adalemba ndi Bryan Mealer, amasimba mmene ankaloŵera m'kalasi mozemba asanalipire, mpaka adagwidwa, ndiponso mmene ankatolera zitsulo zotayidwa anthu akumuyesa wamisala. Ndi zitsulo zomwezo adapanga makina a mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14. Bukuli lidakonzedwanso kuti ana aziŵerenga, ndipo mu 2019 padatuluka filimu yake. Nkhaniyi njochitikadi, ndipo idalembedwa m'Chingerezi, koma idaonetsa kuti oŵerenga a kuno ndi a kunja omwe amatsata mosangalala mwana wa ku Malaŵi amene sadachite zonse monga adauzidwira.

Makolo ena anganene kuti mabuku otamanda ana opulupudza adzaononga ana, makamaka masiku ano pamene kumamveka mbiri za ophunzira a sekondale ophwanya mazenera ndi kutentha nyumba za sukulu. Nkhaŵa imeneyi njomveka. Koma mabuku abwino a mtundu uno ndiwo amene amaonetsa malire a pakati pa mphulupulu ndi nkhanza. Tom Brown amakhululukidwa, Flashman amachotsedwa. Moses amazemba usiku, koma sapereka mnzake kwa adani. Tom Sawyer amanama kaŵirikaŵiri, koma munthu wosalakwa atatsala pang'ono kunyongedwa, amaima m'bwalo la milandu nkunena zoona ngakhale akuopa. Mwana woŵerenga nkhani zotere amaphunzira kuti pali kulakwa kumene anthu amaseka akakula, ndipo pali kulakwa kumene kumasiya chipsera. Phunziro limeneli limaloŵa bwino chifukwa wophunzitsayo ndi mnzake wa msinkhu wake, amene iye amamkhulupirira.

Palinso phindu lina looneka ndi maso. Mwana amaphunzira zilembo m'kalasi, koma amazoloŵera kuŵerenga ndi buku limene walibisa pansi pa desiki chifukwa akufuna kudziŵa ngati mnzake uja agwidwe kapena apulumuke. Buku lotere likakhala m'Chingerezi chokha, limafika kwa ana ochepa. Likakhala m'Chicheŵa kapena m'Chitumbuka, lonena za malo amene mwanayo amaŵadziŵa, limayenda m'manja mwa kalasi yonse popanda mphunzitsi kulamula. Mabuku a mtundu umenewu m'zilankhulo za kuno akadali oŵerengeka, pamene zoti zilembedwemo zili mbwee. Mphunzitsi aliyense wopuma pantchito ali ndi nkhani za ana amene adamsautsa, ndipo kaŵirikaŵiri ndi maina a ana omwewo amene amaŵakumbukira msanga akafunsidwa.

Maŵa m'maŵa ku Ching'ambo mnyamata uja adzaimanso pa chithaphwi, ndipo adzafikanso belu litalira. Aphunzitsi adzayenera kumlanga, pakuti sukulu siyenda popanda mwambo, ndipo adzasesa bwalo kapena kutchetcha udzu monga adachitira ambiri asanabadwe iye. Chimene mbiri ya zaka zoposa zana ikupempha kwa aphunzitsi, kwa makolo ndi kwa olemba mabuku nchochepa. Agogo akale adasunga Kamdothi ndi Kalulu pamoto umodzi, ndipo mabuku a ana atha kuchita chimodzimodzi. Ndipo mwana akaimirira m'kalasi pamene anzake onse akhala pansi, wamkulu asanamuloze khomo ayambe wamfunsa chimene akufuna kuona, funso limene silidafunsidwe ku Kasungu mu 1915.